Mukupita kukaphunzira kuyendetsa ndege? Yambani kuphunzira kubwerera

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mtsikana wina wa ku Zomba. Akuti makolo ndi amalume asonkherana ndalama, ndipo chaka chikangoyamba akupita ku South Africa kukaphunzira mpaka atenge PPL, laisensi yoyendetsera ndege yaing'ono popanda kulipidwa. Akufunsa ziwiri: "Ndikonzekere chiyani ndisanapite? Nanga amayi akuopa kuti tindege ting'onoting'onoti timagwa chisawawa, ndiwauze chiyani?"

Achemwali, musanalipire ndi tambala yomwe kusukulu, kaonaneni ndi dokotala wovomerezeka wa zandege. PPL imafuna chiphaso cha Class 2, koma ngati mumtima muli zodzalembedwa ntchito, pimitsiranitu Class 1. Adzaona mtima, makutu, shuga, BP, komanso ngati maso anu amasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Magalasi saletsa munthu kuuluka. Chowawa ndi kudzamva za vuto la thupi ndalama za amalume zitapita kale.

Bungwe loona za ndege padziko lonse la ICAO limati maola osachepera 40 mumlengalenga, South Africa imafuna 45, ndipo laisensiyo amapereka kwa munthu amene wakwanitsa zaka 17. Ochepa okha amamaliza pa maola amenewo, choncho bajeti yanu ikhale ndi mpata. Musalipire zonse nthawi imodzi, ndipo muziuluka pafupipafupi, chifukwa wouluka kamodzi pa masabata awiri amathera theka la phunziro kukumbutsidwa zakale. Mayeso olemba alipo a malamulo, zanyengo, mapu ndi kupeza njira, injini, thupi la munthu ndi wailesi. Chingerezi cha pa wailesi chimayesedwa pachokha, mufike Level 4. Mukadzabwera kumudzi, laisensi yakunjayo muyenera kukaivomerezetsa kwa oyang'anira zandege kuno musanayendetse ndege yolembetsedwa 7Q, chizindikiro cha ndege za Malawi.

Tsopano za amayi. Musawauze kuti palibe choopsa, chifukwa ndi bodza. Auzeni kuti ndege yaing'ono ngati Cessna 172 injini ikazima siigwa ngati mwala: imatsetsereka ndi mapiko ake, ndipo mudzayeserera zimenezi kambirimbiri mpaka maso azolowere kufunafuna munda wotereramo. Auzeninso kuti zambiri zimene zimapha anthu m'ndege zazing'ono zimayambira pa chosankha cha woyendetsa, nthawi zina ndege isanadzuke n'komwe. Chimenechi chili m'manja mwanu.

Chachikulu pa zonse ndi mtambo. PPL ndi laisensi youluka ndi maso: muziona pansi, muziona pomwe thambo lakumana ndi dziko. Mukalowa mumtambo kapena mu nkhungu, thupi limayamba kukunamizani. M'kati mwa khutu muli timadzi timene timakuuzani ngati mwapendekeka, koma ndege ikamakhota pang'onopang'ono timadzito timakhazikika, inu n'kumamva ngati muli bwinobwino. Mphuno ya ndege imagwa, liwiro limakwera, mumakoka chiwongolero, ndipo kukokako kumangothinitsa kuzungulira. Mu 1954 akatswiri a University of Illinois anayesa oyendetsa ndege 20 amene sanaphunzire kuuluka poyang'ana mawotchi a m'ndege okha. Atawatsekera kunja, ndege inkawapulumuka pakatha masekondi 178, tikatenga pakatikati. Sizikwana mphindi zitatu. John F. Kennedy Jr. anafa chonchi pa 16 Julaye 1999, usiku wa chifunga pamwamba pa nyanja kufupi ndi Martha's Vineyard, ali ndi PPL komanso ndege yabwino, Piper Saratoga.

Ife Amalawi sitikusowa chitsanzo cha kutali. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali, Dornier 228, inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, n'kutenga wachiwiri kwa pulezidenti Saulos Chilima ndi anthu ena 8. Lipoti la akatswiri a ku Germany a BFU linati ndegeyo inkauluka motsika, inalowa m'nyengo yosaoneka kutsogolo pa ulendo wodalira maso, n'kuomba phiri. Sindikulemba izi poweruza amene anatisiya, anali anthu odziwa ntchito kuposa inu ndi ine. N'chifukwa chake zimandiopsa. Ngati nkhungu ya pa Viphya inatha kuchita zimenezo kwa iwo, munthu wa maola 50 alibe chokambirana nayo. Inu a ku Zomba chiperoni mukuchidziwa, mmene chimakutira phiri mu Juni ndi Julaye. Dziwani kuti Sapitwa wa pa phiri la Mulanje ali pa mamita 3,002, ndipo mtambo ukamuphimba amakhala ali pomwepo.

Mankhwala ake aphunzitsi adzakuonetsani: mapiko akhale owongoka, maso pa mawotchi, khotani pang'onopang'ono mubwerere kumene mwachokera. Koma oposa apo ndi kubwerera mukadali kunja kwa mtambo. Apa ndi pamene chikhalidwe chathu chingakuvuteni. Tinaleredwa kuti wamkulu sakanidwa, ndi kuti maliro sadikira munthu. Tsiku lina mudzanyamula amalume omwe anakulipirirani fizi aja, akuthamangira ukwati kapena zovuta, kutsogolo kwada bii, iwo n'kuti, "Mwana wanga, tangoyesa, tatsala pang'ono." Pa mpando umenewo wamkulu ndinu, ndipo lamulo likutero. Yambani lero kuyeserera kunena mwaulemu kuti, "Pepani amalume, sitipitirira." Ine ndimalangiza kuti wokwera aliyense muzimuuziratu muli pansi kuti ulendowu ukhoza kuthera panjira, ndipo galimoto ikhale chire.

Chachiwiri ndi kutentha ndi kukwera kwa malo. Mpweya wotentha ndi wopepuka, ndiye injini imafooka, mapiko sanyamula bwino, ndege imathamanga mtunda wautali isanadzuke. Bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi lili pa mamita pafupifupi 1,230, mafiti 4,000 ndi pang'ono. Masana a Okutobala kukatentha madigiri 32, ndege imamva ngati ili pa mafiti 7,000. Mabwalo a ku Joni monga Rand, Lanseria ndi Grand Central ndi okwera kuposa apo, choncho mudzaphunzirira malo abwino ozindikirira vutoli. Mipando inayi ya 172 sikutanthauza akuluakulu anayi, zikwama ndi matanki odzadza. Werengerani kulemera ulendo uliwonse, ndi kuona m'buku la ndegeyo kuti msewu ukukwanirani. Miyezi yomweyo utsi wa tchire umatseka maso, ndipo kuyambira Novembala mitambo ya mabingu imakula masana. Imeneyo muziilambalala patali zedi, kapena nyamukani mbandakucha.

Mafuta musakhulupirire geji. Kwerani pa phiko, tsegulani thanki, muone ndi maso kapena ndi kamtengo koyezera. Tsitsani pang'ono m'kabotolo: mafuta a ndege a avgas 100LL ndi abuluu, ndipo madzi akakhalamo amakhala pansi ngati timikanda. Muzitera muli ndi mafuta otsala osachepera a mphindi 30 masana, ngakhale ine ndimakonda ola lathunthu, chifukwa kwathu kuno si bwalo lililonse lili ndi avgas.

Pali malo amodzi pozungulira bwalo amene ndikufuna muwaope: kukhota komaliza polunjika msewu woterera. Ndege imakhala yotsika, liwiro lochepa, mphepo n'kukupitiritsani, ndiye mtima umafuna kukakamiza ndi phazi pa chopondera chokhotetsera ndege kuti mubwerere pa mzere. Zimenezi zikhoza kubweretsa stall, pamene mapiko asiya kunyamula ndege. Imachitika mapiko akakumana ndi mphepo mopendekeka kwambiri, pa liwiro lililonse, ndipo ikakupezani pamenepo mulibe mpata woikonzera. Onjezani mphamvu, kwerani, zungulirani, muyambirenso. Palibe mphunzitsi wanzeru amene adzakudzudzuleni chifukwa choyambiranso motere, komwe amati go-around.

Checklist, mndandanda wa zoyenera kuona m'ndege, muziwerenga ngakhale mwailoweza. Mowa, malamulo a maiko ambiri amati papite maola 8, ndipo matsire nawo amaletsa. Mankhwala a chimfine ena amagonetsa, funsani dokotala uja. Zikavuta m'mwamba, choyamba gwirani ndege, chachiwiri dziwani kolowera, wailesi pambuyo. Mukasochera nenani msanga, a ku tawa alipo kuti akuthandizeni, ndipo safunsa anadya phula. Lowezani manambala a pangozi: 121.5 pa wailesi ndi 7700 pa transponder, kachipangizo koonetsa ndege yanu kwa a ku tawa.

Posankha sukulu, pemphani kuona mabuku okonzetsera ndege zawo, chezani ndi ophunzira mphunzitsi palibe, ndipo funsani kuti ulendo ukalephereka chifukwa cha nyengo amalipiritsa kapena ayi. Sukulu yolipiritsa wophunzira amene wakana kuuluka pa nyengo yoipa, ikaneni, mukafune ina.