Funsani Dokotala: Kodi kutentha thupi kwawononga DNA ya mwana wanga?

Adokotala, ndili ndi pakati pa miyezi inayi ndipo ndimakhala ku Mufakose, mu Harare. Chibwerereni kumaliro ku Mangochi sabata ziwiri zapitazo, thupi likumatentha usiku uliwonse. Alamu anga akuti kutentha kumamasula DNA, choncho mwana wawonongeka kale. Ndikungomwa mapiritsi ogula pamsika.

Mayi, ndikuona kuti mwayamba kulira mwana amene akadali moyo, ndipo chisoni chimenecho ndicho chakukhazikani pakhomo. Alamu anuwo anamva zoona, koma anamva mbali imodzi yokha.

DNA, imene imasunga uthenga wa chibadwa cha munthu m'maselo (tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi), ili ngati makwerero opotoka. Mitengo yake iwiri ya m'mbali ndi shuga ndi phosphate zomangana ndi mfundo zolimba zotchedwa covalent, pamene popondapo pamakumana zilembo ziwiriziwiri: A imagwirana ndi T ndi mfundo ziwiri za hydrogen, G ndi C ndi mfundo zitatu. Mfundo za hydrogen ndi zofewa, ndipo kufewako n'kofunika, chifukwa selo limayenera kutsegula makwererowa pokopera uthenga wake, monga maselo a mwana wanu akuchitira panopa. Komabe zilembozi zilipo magulu pafupifupi 3 biliyoni, zosanjikizana mothinana, moti akatswiri a mu labotale akafuna kuzilekanitsa amazitenthetsa mpaka madigiri 95, pafupi ndi pamene madzi amawira. Ngakhale apo, mitengo ya m'mbali ija siduka. Thupi lanu limakhala pa 37, ndipo likatentha kwambiri limafika cha m'ma 40, choncho kutenthako sikungamasule DNA ya mwana wanu.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi ulendo wa ku Mangochi, kumene malungo ndi ochuluka. Kwa mayi woyembekezera malungo amachepetsa magazi, amatha kuchititsa kupita padera kapena kubereka mwana wochepa thupi, ndiponso kutentha kokhalitsa pakokha si kwabwino kwa mwanayo. Masiku onsewa mwawataya, mayi, pomwa mapiritsi amene palibe wakutsimikizirani kuti ndi oyenera munthu wapakati.

Pitani kuchipatala lero lomwe, mutatenga khadi la sikelo ndi mapaketi a mapiritsiwo. Muno mu Harare malungo si ofala, choncho anamwino sangawaganizire msanga mukapanda kunena nokha kuti munali ku Malawi. Pemphani kuti akuyezeni magazi, komanso mkodzo, poti matenda a m'chikhodzodzo nawonso amatenthetsa thupi pa nthawi ya pakati.