Breaker ikamagwa, musathamangire kukweza relay

Funso: Ndimayang'anira malo ogona alendo pa msewu wa ku Monkey Bay. Tili ndi thiransifoma yathuyathu ya 500kVA pa laini ya 11kV. Magetsi akathima n'kubweranso, breaker ya 11kV imagwa pompopompo, koma tikaiyatsanso imakhala bwinobwino tsiku lonse. Wamagetsi wina akuti angokweza ma setting onse a relay kuti isamativutitse. Ndimulole?

Yankho: Ayi bambo, musamulole. Relay, chipangizo chimene chimagwetsa breaker pakakhala vuto, ikamasonyeza kuti yatiripa, imalembanso nambala ya chitetezo chimene chayigwetsa, ndiye yambani mwawerenga pamenepo: kodi ndi 50, 51 kapena 51N? Mmene mwafotokozeramu, ndikukhulupirira kuti mupeza 50, imene imadula nthawi yomweyo osadikira.

Thiransifoma ikamalandiranso magetsi itakhala yothimitsidwa, imakoka mphamvu yoposa ya masiku onse ka 8 mpaka ka 12, kwa kanthawi kochepa zedi, kenako imatsika yokha. Amisiri timaitcha inrush. Yanuyo ikadzaza katundu imakoka 26A kumbali ya 11kV, choncho inrush ikhoza kufika cha m'ma 315A. Ngati 50 anaiika pa 150A kapena 200A, relay imaona ngati waya wagundana n'kudula. Kukula kwa inrush kumadalira pomwe funde la magetsi linali pa nthawi yolumikiza, n'chifukwa chake ulendo wachiwiri imatha kulola.

Masamu ake ali motere. Onani kachitsulo kolembedwa pa thiransifoma, mupeze impedance, nambala yosonyeza mmene thiransifoma imachepetsera mphamvu waya akagundana. Tinene kuti ndi 4%. Waya akagundana kumbali ya 400V, ku 11kV kumadutsa 26 kugawa ndi 0.04, pafupifupi 650A. Yoyenera kudula vuto limenelo ndi breaker ya 400V, choncho 50 iyenera kukhala pamwamba pa 650A, cha m'ma 850A. Pamenepo inrush siyiifika, koma vuto la m'kati mwa thiransifoma kapena pa kebulo ya 11kV lidzadulidwa msanga. Tsimikizani kuti ma CT anu (zipangizo zoyezera mphamvu zimene zimauza relay) akhoza kuwerenga mphamvu yoteroyo: a 50/1 olembedwa 5P20 amafika 1,000A asanayambe kunama.

Koma 51 musaikweze chisawawa, ndi imene imateteza thiransifoma kuti isapse pang'onopang'ono. Iyambire pa 120% ya katundu, ndiko kuti 32A, kapena 0.64 pa CT ya 50/1. Sankhani curve ya standard inverse ya IEC 60255, imene imadula msanga mphamvu ikamakula. Ndi TMS (nambala yochulukitsira nthawi yodulira) ya 0.2, pa 650A imadula pakatha masekondi 0.45. Breaker ya 400V ikamadula pa 0.1, pakati pamatsala mpata wa masekondi oposa 0.3, womwe ndi wokwanira kuti yapansi iyambe ndiyo kugwa. Ikapanda kutero, nalimata mmodzi wolowa mu panelo ya kukhitchini amathimitsa malo onse.

51N, ya magetsi othawira pansi, ikhale yotsika, 5A mpaka 10A, ndipo ikhoza kudula mwachangu, chifukwa pa thiransifoma ya Dyn11 (chizindikiro cha mmene makoyilo ake analumikizidwira) vuto lotere la kumbali ya 400V silioneka ngati lothawira pansi ku 11kV. Ngati relay yanu ndi yamakono, yatsaninso second harmonic blocking, imazindikira inrush yokha.

Manambala amenewa muwapereke kwa a ESCOM asanalowe mu relay, kuti agwirizane ndi chitetezo cha laini yawo. Yanu iyenera kugwa yawo isanagwe, apo ayi vuto la pamalo panu lithimitsira anthu a midzi yonse ya pa laini imeneyo. Akatha kuika, ayese ndi makina a secondary injection, breaker igwedi inu mukuona, ndipo ayezenso mabatire amene amaigwetsa. Kutentha kwa kuno mu Okutobala kumapha mabatire msanga, ndipo relay yabwino yopanda batire siidula kanthu.

Funso: Chigayo changa ku Namwera chili ndi mota ya 22kW ya star-delta. Overload ilipo, anaiika pa 42A monga zalembedwera pa mota, koma motayo yapsa kawiri osatiripa. Chalakwika n'chiyani?

Yankho: Mayi, tsegulitsani bokosi la sitata muone pamene overload, chotetezera mota ikalemedwa, yamangidwa. M'masitata ambiri imakhala pansi pa main contactor, pa mawaya opita ku makoyilo a mota. Pamenepo pamadutsa 58% yokha ya mphamvu ya pa laini. Ndiye nambala yoyenera ndi 42 kuchulukitsa ndi 0.58, yomwe ndi 24A. Pa 42A, mota imayenera kulemedwa mpaka kukoka 72A kuti overload imve, ndipo pofika pamenepo vanishi ya m'makoyilo yayamba kale kununkha. Ikakhala kuti ili pa mawaya olowera, sitata isanagawe, 42A ndi yolondola, ndipo tikayikire china.

Chinacho ndi kusowa kwa phase imodzi, ndiko kuti magetsi kusowa pa waya mmodzi mwa atatu. Nyengo ya mvula, mphenzi ikaotcha fyuzi imodzi pa pholo, mota imapitirira kuzungulira ndi ziwiri, ikulira mosasa mawu, kwinaku ikutentha. Amene akuthira chimanga amangoona ngati chigayo chalemedwa. Mukamangitsanso mota, muwauze omangawo ayeze makoyilo opsawo: akada ena, ena n'kukhala oyera, ndi phase, akada onse mofanana, ndi kulemedwa. Ikani phase failure relay pa waya wa koyilo ya contactor, mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi kumangitsa mota. Overload muisiye pa manual reset, kuti ikagwa munthu ayambe wafufuza asanayatsenso.

Funso: Ndine wophunzira ntchito. Ndingachotse relay yakale magetsi ali mkati, bola ndamasula mawaya ang'onoang'ono okha?

Yankho: Achimwene, mawaya ang'onoang'onowo ndi amene amapha. CT ikakhala kuti ikudutsa magetsi, mbali yake yotulukira isasiyidwe yotseguka ngakhale pang'ono, chifukwa pamabuka mavoti ofika masauzande, okwanira kuotcha CT ndi dzanja lanu lomwe. Yambani mwalumikiza S1 ndi S2, mawaya awiri otuluka mu CT, pa shorting link ya pa terminal block, yezani ndi clamp meter kuti ku relay sikukupitanso kanthu, kenako masulani. Kumbukiraninso kuti relay ikachoka, breaker ilibe choigwetsa. Ngati pamalopo palibe shorting link, thimitsani, tsekani ndi loko, ikani ma earth, ndipo pakhale mmisiri wa laisensi ya MERA pambali panu.