Mpando umene Obama anausiya ku Springfield

Bambo wina wa ku Zomba wanditumizira imelo. Akuti: "Kwina ndikuwerenga kuti Obama anakhala seneta mu 1997, kwina akuti 2005. Zoona ndi ziti? Nanga mpando wakewo anautenga ndani?"

Bambo, zonse ziwiri nzoona. Mu 2005 analowa Senate, nyumba ya malamulo ya dziko lonse la America, ku Washington. Koma mu Januwale 1997 anali atalowa kale Senate ina yaing'ono, ya chigawo cha Illinois, imene imakumana ku Springfield. Ili ndi mipando 59, ndipo wake unali wa dera la nambala 13 mumzinda wa Chicago, m'mphepete mwa nyanja ya Michigan, kumene kuli Hyde Park ndi University of Chicago.

Funso lanu lachiwirili ndilo landikoka mtima, chifukwa mpando umenewu anthu amaulowera pakhomo lakuseri.

Kwathu kuno phungu akamwalira kapena kutula pansi udindo timapita ku chisankho chachibwereza. Ku Illinois ayi. Akuluakulu a chipani cha wochokayo m'deralo amakhala pansi n'kusankha wolowa m'malo, anthu n'kudzavota pambuyo pake, munthu atazolowera kale mpando. Richard Newhouse atapuma mu 1991, Alice Palmer analowa choncho. Obama atachoka mu Novembala 2004, Kwame Raoul, mwana wa makolo ochokera ku Haiti, analowanso choncho. Raoul atakhala loya wamkulu wa boma la Illinois mu Januwale 2019, Robert Peters naye chimodzimodzi. Onse a chipani cha Democratic, ndipo m'dera limeneli wopambana mapulaimale a chipanichi ndiye kuti wadutsa basi.

Ndiye mwina mukuti Obama yekha ndi amene anatuluka thukuta. Dikirani kaye. Mu 1995 mayi Palmer anafuna mpando wa ku Congress, wa uphungu ku Washington, ndipo anadalitsa Obama kuti atenge wawo. Atagonja kwa Jesse Jackson Jr., anabwerera kuti aimenso. Obama anakana kuwapatsa mpata. Kumeneko munthu asanalembedwe pa pepala lovotera amafunika masiginecha a ovota a m'deralo, ndipo a Palmer anatolera awo mothamanga, masiku atatsala ochepa. Anyamata a Obama anakhala mu ofesi yoona za zisankho, mapepala ali patebulo, kufananiza dzina ndi dzina ndi kaundula wa ovota: uyu sanalembetse, uyu sakhala m'dera lino. Otsala sanakwane. Mayiwo anagwa, ena onse opikisana naye anagwanso, ndipo pa mapulaimale a 1996 Obama anaima yekhayekha. Sanaphwanye lamulo lililonse, koma ine sindinganene kuti zinali zaulemu.

Dera lenilenilo nalo silinakhale chimodzimodzi. Malire amadulidwanso pakatha kalembera wa zaka khumi zilizonse. Kalembera wa 2000 atatha, mwayi wojambula mapu unagwera a Democratic, ndipo dera la 13 linatambasulidwa kulowera kumpoto, kutsata nyanja mpaka pakati pa mzinda ndi ku Gold Coast kwa anthu a makwacha. Apa nkuti Obama atangogonja kwa Bobby Rush pa mpando wa ku Congress mu 2000, ndipo mapu atsopanowo anamupatsa ovota ndi othandiza ndalama amene sanali nawo kale.

Za Peters mwina munamvako: anali m'gulu lotsogolera lamulo lothetsa belo ya ndalama ku Illinois, limene linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2023.