Kwa mphwanga wa ku Cape Town wofunsa koyenda pa wikendi

Mphwanga, ndawerenga funso lako pamodzi ndi mayankho amene ena akulembera kale. Wati uli ndi miyezi inayi ku Cape Town, ukukhala cha ku Retreat, umapuma Loweruka masana ndi Lamulungu, ndipo watopa kungogona m'chipinda, ukufuna malo oti uzikaona osawononga ndalama zambiri. Wafunsanso za Durban ndi foni yojambula bwino, koma zimenezo ndiwasiyira ena. Ine ndinakhala ku Cape Town kuyambira 2018 mpaka 2023 ndisanabwerere kuno ku Salima, ndiye ndikuuza za komweko basi.

Ndaona wati kwanu ndi ku Senga Bay. Pamenepo m'pamene mtima wanga wagunda, chifukwa inenso ndine mwana wa kunyanja, ndipo ana a kunyanja ndi amene timadzidalira kwambiri tikaona madzi. Nyanja ya kumeneko si nyanja yathu ayi. Pa 26 Disembala 2019 ndinapita ndi anzanga atatu kugombe lina la ku False Bay. Anthu anali pikitipikiti pakati pa mbendera ziwiri zofiira ndi chikasu zija zosonyeza malo osambira, ife n'kuona kuti bola tisunthire uko kopanda anthu. Tinapeza malo amene madzi anali bata, akuda pang'ono, mafunde akusweka mbali iyi ndi mbali iyo koma pakatipo ayi. Ndinalowa mpaka m'chiuno. Sindinasambire n'komwe, ndinangomva mchenga ukuchoka kunsi kwa mapazi, ndipo potembenuka anzanga anali atachepa ngati tiana. Ndinayamba kupalasa molunjika kumtunda ndi mphamvu zanga zonse, ine amene ndinakula ndikusambira kuchokera pa bwato mpaka kugombe, koma mtunda unkangotalikira. Manja analema, madzi amchere analowa kukhosi, ndinayamba kuganiza za mayi anga ndi ndalama zonyamulira maliro kuchokera kutali konseko. Anandipulumutsa ndi mnyamata wina wosewera pa mafunde ndi thabwa lake. Anandigwiritsa thabwalo n'kundikokera cham'mbali, osati kumtunda, ndipo titangosuntha pang'ono kukokako kunatha.

Eni ake amawatchula rip current madzi amenewo. Mafunde amakankhira madzi ambiri kumtunda, ndiye madziwo pobwerera amadzipezera kanjira kopapatiza, n'kumathamanga ngati Linthipe m'nyengo ya dzinja. Pooneka pabata paja ndiye pa msampha. Kwathu mwera ukamawomba umaoneka, asodzi amakokera mabwato kumtunda, aliyense amadziwa kuti lero kulibe kulowa. Kumeneko dzuwa limawala bwinobwino, ana akusewera pamchenga, koma madzi akukoka. Choncho usambe pakati pa mbendera pokha, pamene pali opulumutsa anthu, ngakhale padzaze bwanji. Akakukoka usalimbane nawo. Gona chagada, madzi amchere amayandamitsa kuposa athu, kweza mkono mmodzi, kenako usambire motsata gombe mpaka utuluke m'kanjirako. Magombe ambiri ali ndi zoyandamira za pinki zopachikidwa pa mtengo, zimenezo ndi zoponyera munthu amene akumira. Ndipo usalowe m'madzi utamwa, ngakhale botolo limodzi. Mbali ya Camps Bay ndi Clifton ndi nkhani inanso, madzi ake ndi ozizira zoti miyendo imachita dzanzi m'mphindi zochepa. Kumeneko kajambule zithunzi, uviike mapazi, ubwereko.

Tsopano koyenda. Uli ndi mwayi chifukwa Retreat ili pa njanji yopita ku Simon's Town. Sitima imeneyo ikangodutsa Muizenberg imayenda m'mphepete mwenimweni mwa nyanja, mafunde akumenya miyala pansi pa zenera, ndipo nthawi yanga tikiti yake inali yosafika R20. Ukhale mbali ya kumanzere popita. Ufunse kaye pa siteshoni ndondomeko ya Lamulungu ndi nthawi ya sitima yomaliza, usadzapezeke kutali kutada.

Tsikira pa Kalk Bay. Amenewo ndiwo malo anga, ndipo mwina ndinapitako kokwana makumi atatu. Pali kadoko ka asodzi, maboti amatabwa opakidwa utoto, amayi akupala nsomba pa matebulo a simenti, amalonda akukuwa mitengo, nyama zija amati seal zitagona pambali kudikira matumbo. Fungo lake ndi la kwathu m'mawa usipa ukamatsika. Kulowa n'kwaulere. Ndinkagula nsomba yokazinga ndi tchipisi cha m'ma R70 kapena R80, n'kukakhala pa khoma la doko mpaka dzuwa kupendeka. Ikakhala nyengo ya nsomba yotchedwa snoek gula yaiwisi ukaphike kunyumba ndi nsima. Ili ndi minga yaitali koma yosavuta kuchotsa, ndipo msuzi wake ukukumbutsa kampango. Pamene ndinkasowa kwathu kwambiri, malo amenewa ndi amene ankandikhazika mtima pansi. Chenjezo lake ndi limodzi: nyanja ikakalipa usapite kumapeto kwa khomalo, mafunde amadumpha pamwamba n'kukokolola anthu.

Ukapitirira mpaka Simon's Town ukayende wapansi theka la ola kukafika ku Boulders kukaona mbalame za penguin. Apa mvetsera, chifukwa m'mayankho onse palibe watchula. Malowa ali pansi pa Table Mountain National Park, ndipo mitengo yolowera ilipo itatu: ya eni dziko, ya anthu a m'maiko a SADC, ndi ya alendo ochokera kunja kwina. Ife Amalawi ndife a SADC, timalipira pafupifupi theka la mtengo wa alendo enawo, ine ndinalipira cha m'ma R90. Koma amafuna pasipoti yeniyeni m'manja. Chimodzimodzinso ku Cape Point, kungoti kumeneko kulibe sitima, muyenera kusonkha anthu anayi kapena asanu n'kupeza galimoto, ndipo anyani ake amalanda chakudya m'manja mopanda mantha.

Achimwene amene alemba kuti ukwere kebulo (kangolo kolendewera pa chingwe kokweza anthu paphiri) ya pa Table Mountain ndi basi yofiira ya alendo, sindikutsutsa kuti n'zokongola, koma kebuloyo inali itadutsa kale R400 kupita ndi kubwera pamene ndinkachoka. Mwana amene akutumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi sangayambire pamenepo. Phirilo limakwereka ndi miyendo kwaulere kudzera njira ya Platteklip Gorge, maola awiri kapena atatu, masitepe amiyala okhaokha. Koma ndi phiri lopitirira mamita 1,000, si Senga Hills. Mphepo ya kum'mwera chakum'mawa ikayamba, nkhungu imaphimba pamwamba ponse ngati nsalu ya pa tebulo, kumazizira mwadzidzidzi, njira osaiona, ndipo kebulo amatseka, ndiye usakwere podalira kuti utsikira pa iyo. Nyamuka m'mamawa, tenga jekete ndi madzi malita awiri, mukhale anthu anayi kapena kuposa, chifukwa m'njira zopanda anthu mumachitika zauchifwamba. Sunga 112 m'foni, imagwira pa foni ya m'manja iliyonse.

Enanso alemba kuti unapita kukagwira ntchito, osati kukayendayenda, ungokhala m'nyumba uzisunga. Zimenezo zandipweteka. Ndinaona anyamata akwathu akutha zaka zisanu osadziwa china koma msewu wa kuntchito ndi shabini ya pakona, ndipo ndalama zimene ankasiya pa shabinipo Loweruka limodzi zinali zokwana maulendo anayi a ku Kalk Bay. M'tauni paki ya Company's Garden ndi yaulere, nyumba zamitundumitundu za ku Bo-Kaap n'zongoyenda wapansi. Zimenezi zisungire miyezi ya Juni mpaka Ogasiti, pamene kumeneko kumagwa mvula ndi kuzizira ife kuno kuli mwera.

Robben Island, chilumba chimene panali ndende, yokha ndiyo ndikuti uisungire ndalama, olo zitenge miyezi itatu. Ndinalipira cha m'ma R600, boti limanyamukira padoko la V&A Waterfront, ndipo uyenera kugula tikiti masiku angapo zisanachitike. Mandela anakhala kumeneko zaka 18 mwa zaka 27 zimene anamangidwa, kuyambira 1964 mpaka 1982, ndipo ukaima pakhomo pa kachipinda kake umaona kuti mphasa imodzi ikanangotsala pang'ono kudzaza. Nyanja ikavuta boti siliyenda, choncho usankhe tsiku limene ukhoza kusintha, ndipo usadye zamafuta m'mawa wake chifukwa limagwedeza kuposa Ilala pa mwera.