Admin sanakulandeni ufulu, achimwene

Mwafunsa kuti ufulu wolankhula umene tinavotera mu 1993 uli kuti, poti admin wachotsa post yanu yonena kuti anthu akumpoto ndi odzikonda, atenga ntchito zonse m'tauni, ndipo "azipita kwawo". Ine ndinaiwerenga isanachotsedwe, ndiye ndikuyankhani mosapsatira.

Gawo 35 la malamulo oyendetsera dziko a 1994 limanenadi kuti aliyense ali ndi ufulu wolankhula zakukhosi. Koma ufuluwo umamanga manja a boma, kuti lisakuponyeni m'chitokosi chifukwa cha maganizo anu. Sukakamiza munthu wamba kukupatsani mpando. Gulu lino lili ngati pakhonde pa mwini: mukayamba kutukwana alendo ake akuuzani kuti nyamukani, ndipo palibe khoti lingamuzenge mlandu. Ngakhale kumbali ya boma komweko, gawo 44 limalola kuika malire, bola akhale oyenera ndi ofunikadi m'dziko la demokalase.

Koma chandiwawa ine si lamulo ayi, ndi mawu aja akuti "azipita kwawo". Mwina munali musanabadwe. Mu 1989 boma la Kamuzu linalamula aphunzitsi ochokera kumpoto kuti abwerere kuchigawo chawo, ati ankaphunzitsa mwadala moipa ana a pakati ndi kumwera. Anthu amene anakwatira kuno, ana awo osadziwa n'komwe Chitumbuka, anamanga katundu. Chitumbukacho chinali chitachotsedwa kale pa wailesi ya MBC mu 1968. A Mboni za Yehova anaona zoposa apo: analetsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 nyumba zawo zinatenthedwa chifukwa chokana kugula khadi la chipani, ambiri nathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Zonsezi zinkayamba ndi pakamwa, pamisonkhano, ndipo panalibe wotsutsa chifukwa wotsutsayo akanagona kundende ya Mikuyu. Ndiye mukamatchula 1993, kumbukirani kuti anthu ankavota kuti zoterezi zithe.

Mwina munena kuti ndi mawu chabe, inu simunagwire chikwanje. Ine ndinali ku Mulanje mu 2017 nthawi ya anamapopa. Tsiku lina madzulo minibasi yathu inaimitsidwa ndi anyamata atatchinga msewu ndi miyala, zibonga zili m'manja. Anatsitsa bambo wina chifukwa palibe ankamudziwa, n'kukhuthula chikwama chake pansi. Munali malaya awiri, sopo ndi tochi. Tochiyo anaitembenuzatembenuza ngati chinthu chachilendo, bamboyo milomo ikunjenjemera, mpaka mayi wina wogulitsa nthochi anakuwa kuti ndi mlamu wake. Sindikhulupirira kuti ankamudziwa. Palibe mwa anyamata aja anaonapo munthu akupopedwa magazi, onse "anamva". Mphekeserazo zinaphetsa anthu osachepera 8, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe. Woyambitsa nkhaniyo nayenso sanagwire chibonga.

Za ku Rwanda mukuzidziwa. Wailesi ya RTLM inkatchula Atutsi kuti inyenzi, kutanthauza mphemvu, pakati pa nyimbo ndi nthabwala, ndipo mu 1994 anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa m'masiku ngati 100. Mu 2003 khoti la United Nations la ku Arusha, ku Tanzania, linapeza olakwa Ferdinand Nahimana wa wailesiyo ndi Hassan Ngeze wa nyuzipepala ya Kangura. Sindikuti post yanu ndi RTLM, musandimve molakwa. Ndikungoti kapangidwe kake n'kofanana: kuleka kunena zimene munthu wachita, n'kuyamba kuweruza mtundu wonse chifukwa cha kumene unabadwira, kenako n'kunena choti uchitidwe.

Tsono kwa anzanga amene mukulemba m'munsimu kuti "amangidwe ameneyu", apo sindili nanu. Tili ndi lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, ndipo taona mmene limagwirira ntchito: ogwidwa msanga ndi amene anyoza atsogoleri pa WhatsApp kapena pa Facebook, pomwe otukwana mitundu ya anzawo nthawi ya kampeni amangoyenda mwaufulu. Mukapatsa apolisi mphamvu yosankha mawu oti ndi achidani, dziwani kuti mawa boma likasintha ndodoyo igwera inu. Apolisi alowererepo pamene munthu akumema anzake kuti akamenye, akatenthe kapena akathamangitse ena. Zotsalazo timalize tokha: kumuyankha, kumuchititsa manyazi, kumuchotsera post. Admin wachita zomwezo basi.

Ndipo nkhani ya tsankho polemba ntchito ndi yeniyeni, palibe akukuletsani kuikamba. Ya kota ya ku yunivesite, yosankha ophunzira potengera kumene akuchokera, tinakangana nayo zaka zambiri, m'manyuzipepala ndi pa wailesi, ena mpaka kukhoti. Ngati mukudziwa ofesi imene bwana akulemba abale ake okhaokha, kaya ndi Mtumbuka, Mlomwe, Myao kapena Mchewa mnzanga, ofesi ya Ombudsman ilipo, ndipo nkhani zotere imazifufuza.

Lembaninso post yanu. Nenani malo ake, chaka chake, analembedwa angati ndipo anadumphidwa ndani amene anali ndi mapepala. Imeneyo admin akaichotsa, ine ndikhala woyamba kumufunsa.