Ndapatsidwa ntchito yokhazikitsa seva: ndiyambire pati?

Funso: A Mkonzi, mu ofesi yathu timagwira ntchito anthu 8, ndipo tatopa ndi kupatsirana mafayilo pa flashi. Tili ndi kompyuta imene ikungokhala, choncho anzanga andisankha kuti ndiisandutse seva yosungiramo mafayilo athu. Ndinamva kuti Ubuntu Server ndi yaulere, koma nditaona kuti ndi sikirini yakuda yokhala ndi malemba okhaokha, ndinachita mantha. Kodi ndiyambire pati, nanga ndisamale kwambiri ndi chiyani? Ndine wowerenga wanu wa nthawi zonse.

Yankho: Zikomo chifukwa cha funso lanu, ndipo sikirini yakudayo isakuopseni. Kampani ya Canonical, imene imapanga Ubuntu, inasiya dala zithunzi ndi mawindo chifukwa seva imayendetsedwa kuchokera pa kompyuta ina, komanso pulogalamu iliyonse yosafunika imadya memole ndi kuwonjezera mpata woti akuba alowerepo. Kuika sisitimuyi n'kosavuta. Pamene anthu ambiri amapunthwa ndi mu ola loyamba akamaliza kuiika.

Sankhani mtundu wolembedwa kuti LTS, monga 24.04 umene unatuluka mu Epulo 2024, chifukwa umalandira zokonza zachitetezo kwa zaka 5, pamene mitundu ina imasiyidwa pakangotha miyezi 9. Tengani fayilo ya ISO, imene imakhala ndi pulogalamu yoikira sisitimuyi, pa webusaiti ya Ubuntu yeniyeniyo, muilembe pa flashi pogwiritsa ntchito Rufus kapena balenaEtcher, kenako muyatse kompyutayo kuchokera pa flashiyo. Zonse zimene zili pa disiki zidzafufutika, choncho yambani mwasamutsa chilichonse chofunika.

Mafunso a chilankhulo ndi kiyibodi mudzawadutsa mwachangu, koma mukafika pa disiki, dekhani. Vomerani LVM, njira yogawira malo pa disiki, chifukwa imalola kukulitsa malo m'tsogolo popanda kuyambiranso, koma dziwani kuti pa disiki yaikulu pulogalamu yoikirayo imangopereka 100 GB ku sisitimu, malo otsalawo n'kungokhala osagwira ntchito. Ambiri amadzadabwa patapita miyezi kuti disiki ya 1 TB yadzaza bwanji msanga chonchi. Kulitsani gawo lotchedwa ubuntu-lv musanavomereze, ndipo mukafunsidwa za OpenSSH, pulogalamu yokulolani kuyendetsa seva kuchokera pa kompyuta ina, chongani kuti iikidwe.

Seva ikayaka koyamba, lembani sudo apt update kenako sudo apt upgrade kuti sisitimu ilandire zokonza zatsopano, popeza fayilo ya ISO imakhala yotsalira m'mbuyo ndi miyezi ingapo. Mukatero ipatseni adiresi ya IP yosasintha, nambala imene makompyuta ena amaipezera sevayo. Rauta imagawa maadiresi mwachisawawa, ndipo ikadzasintha ya seva, makompyuta onse a mu ofesi adzaisowa. Njira yophweka ndi kuuza rautayo kuti isungire seva adiresi imodzi, koma mukasankha kulemba nokha m'fayilo ya mu /etc/netplan, gwiritsani ntchito sudo netplan try, imene imabweza zinthu mwakale pakatha masekondi 120 ngati simunavomereze.

Tsopano tifike pa nkhani imene ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonse, yotseka makomo popanda kudzitsekera kunja inu eni. SSH, njira yolowera mu seva muli kutali, imamvera pa khomo lotchedwa poti 22, ndipo pa intaneti pali makompyuta amene usana ndi usiku amangoyesa mapasiwedi pa poti imeneyi. Pasiwedi, ngakhale itakhala yaitali, ikhoza kuganiziridwa kapena kubedwa, n'chifukwa chake ndi bwino kulowa ndi kiyi. Pa kompyuta yanu lembani ssh-keygen -t ed25519, imene idzapange makiyi awiri: yachinsinsi imene siyenera kuchoka pa kompyuta yanu, ndi inzake imene mudzaitumize ku seva. Mukatsimikiza kuti kiyiyo ikukulowetsani, m'pamene mungaletse mapasiwedi polemba PasswordAuthentication no m'fayilo ya /etc/ssh/sshd_config. Apa pali msampha: mu foda ya sshd_config.d nthawi zina mumakhala fayilo ina yolola mapasiwedi, ndipo popeza SSH imatsatira mzere umene yayamba kuuwerenga, zimene mwalemba inu sizigwira ntchito mpaka mutakonzanso fayilo imeneyo.

Firewall ya Ubuntu, pulogalamu yolondera makomo a seva yotchedwa ufw, imabwera yozimitsa. Lembani kaye sudo ufw allow OpenSSH, kenako sudo ufw enable. Mukasemphanitsa malamulo awiriwa muli kutali ndi seva, mwina mudzafunika kunyamula sikirini ndi kiyibodi kupita pamene ili. Ine ndikasintha chilichonse cha SSH kapena firewall, sinditseka windo limene ndalowera mpaka nditayesa kulowa kudzera pa windo lachiwiri. Musazolowerenso kugwira ntchito ngati root, dzina lokhala ndi mphamvu zonse pa sisitimu. Dzina limene munalemba poika sisitimu lili kale ndi mphamvu ya sudo, yolamula ngati root pakafunika, ndipo imeneyo ndi yokwanira.

Ndisanaiwale, lowani mu BIOS, pamene mumasinthira mayendedwe a kompyuta sisitimu isanayake, ndi kusankha kuti kompyutayo izidziyatsa yokha magetsi akabweranso, apo ayi seva idzakhala chizimire mpaka wina adzafike kudzadina batani.

Zonsezi zikatheka, ikani Samba, pulogalamu imene idzalole makompyuta a Windows kuona mafoda a pa seva. Munthu aliyense akhale ndi dzina ndi pasiwedi yake, ndipo mu ufw lolani Samba kwa maadiresi a mu ofesi okha, monga oyamba ndi 192.168.1 ngati ndi amene rauta yanu imagawa. Poti 445, imene Samba imagwiritsa ntchito, musaitsegulire ku intaneti pa rauta yanu, chifukwa ndi pomwe pulogalamu yoipa ya WannaCry inkalowera mu Meyi 2017 pamene inatseka mafayilo m'makompyuta a Windows m'mayiko ambiri.