Obwera kumene, akuba amasaka munthu wosagona

Mwana wa mchemwali wanga, amene wangofika kunja kuno chaka chino, wandifunsa funso limene ndaona kuti ndiliyankhe poyera chifukwa si iye yekha. Akuti, "Amalume, usiku mtima umangogunda, tulo sitibwera, kodi ndikudwala?" Sabata yomweyo ndamvanso za mtsikana wina amene wapereka ndalama zonse zimene anasunga kwa munthu wodzitcha ejenti, womulonjeza mapepala. Pano foni ya munthuyo siikupezeka. Kwa ine nkhani ziwirizi ndi imodzi. Mtsikanayo si wopusa ayi. Anali atalema ndi mantha, ndipo wolema ndi mantha amalipira aliyense womulonjeza mpumulo.

Za njira, za pa boda, za kasakidwe ka ntchito, izo mukuzidziwa kale. Ine ndikamba za mutu wanu, kaya muli ku Johannesburg, ku London kapena ku Dubai.

Choyamba, simukupenga ndipo simunalodzedwe. Thupi likaona zoopsa limatulutsa m'magazi michere yolikonzekeretsa kuthawa, yotchedwa adrenaline ndi cortisol: mtima umathamanga, mpweya umaperewera, m'mimba mumabwadamuka, mapewa amauma. Zimenezi ntchito yake ndi yoti muthawe ngozi ya kanthawi kochepa. Koma ngozi yathu ife siitha. Pemiti ikutha, lendi ikudikira, abwana akukalipa, kumudzi akuimba, ndiye thupi limangokhala chilili miyezi ndi miyezi. Dokotala wa matenda a maganizo wa ku Barcelona, Joseba Achotegui, analitchula vutoli kuti Ulysses syndrome mu 2002, ataona anthu osamukira kumaiko ena, amene kwawo anali bwinobwino, akusowa tulo, mutu ukuwawa, akulira komanso kupsa mtima msanga.

Chachiwiri ndi tulo, ndipo apa ndichedwapo. Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo. Ndikudziwa kuti mukufuna kubweza msanga ngongole ya ulendo, ndiye shifiti iliyonse imene yapezeka mukuivomera, usana ndi usiku womwe. Kenako mukudzilimbitsa ndi khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija. Caffeine, chinthu chochotsa tulo chimene chili m'zakumwazi, sachoka msanga m'magazi: pakatha maola pafupifupi 5 theka lake limakhala likadalimo, choncho zimene mwamwa madzulo ndi zomwe zikukugunditsani mtima pakati pa usiku. Ena amathawira ku mowa. Mowa umakugwetsadi msanga, koma umadula tulo pakati, ndipo m'mawa nkhawa imadzuka yoposa ya dzulo. Ndaona anyamata olimbikira ntchito akutha chonchi, kuyambira botolo limodzi "logonera". Za kubetcha pa foni ndiye musayandikire n'komwe.

Lamulo limene ndikufuna mulisunge ndi ili: nkhani ya ndalama kapena ya mapepala isagamulidwe usiku, ndipo isagamulidwe tsiku lomwe mwaimva. Wakuba aliyense amakufulumizitsani. "Malo atsala amodzi." "Bwana wa ku ofesi akuchoka mawa." Amadziwa kuti mukagona n'kudzuka, mukafunsa munthu wina, bodza lake liululika. Gonani kaye. Wofuna kukuthandizani moona sathawa chifukwa mwati mumuyankha mawa.

Tsopano za kumudzi. Chimene chinandipweteka ine kwambiri kunja kuno si kuzizira, si abwana, si apolisi. Ndi tsiku limene ndinauza m'bale wanga weniweni kuti sindili bwino, sindikugona, ntchito yanditha, iye n'kundiyankha kuti, "Pepani, nanga zija mutumiza liti?" Mpaka lero zimandiwawa. Munthu ameneyo ndinamulipirira zambiri, koma sanafunse n'komwe kuti ndikudya kapena ayi. Sindikunena kuti muwataye abale anu, ambiri akuvutikadi ndipo sadziwa mmene zilili kuno. Koma ikani malire. Tsiku limodzi pa mwezi lotumiza, ndalama yodziwika, ndipo auzeni poyera kuti kupitirira apo palibe. Nthawi yogona foni izikhala chete. Uthenga wa pakati pa usiku, ngakhale wa maliro, palibe chimene mungauchite musanadzuke.

Chachitatu, mantha akakugwirani mwadzidzidzi, mukubanika, thukuta lili kamukamu, mukuona ngati mukufa, khalani pansi. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, n'kuutulutsa pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 6 kapena 8. Kutulutsa mpweya motalikitsa ndi kumene kumachepetsa liwiro la mtima. Kawirikawiri zimafika pachimake m'mphindi 10 kenako zimayamba kutsika zokha. Koma ngati ndi koyamba ndipo pachifuwa pakupweteka, pitani kuchipatala akakupimeni mtima, musangoganizira.

Yendani. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo kuyenda mwandawala kumawerengedwa. Musati ntchito yoimirira tsiku lonse ndi chimodzimodzi. Kuyenda panja, kukuwala, popanda wokulondalonda, n'kwina. Inu a kumaiko ozizira mumvetse izi: ku London mu December dzuwa silikwanitsa maola 8, ndipo khungu lakuda limachedwa kupanga vitamin D dzuwa likachepa. A NHS, oona zaumoyo ku Britain, amalangiza kumwa mamaikologalamu 10 a vitamin D pa tsiku m'miyezi yozizira, ndipo akhungu lakuda aganizire zomwa chaka chonse.

China, ndipo mwina chikanayenera kukhala choyamba: mutu umodzi susenza denga. Ku Zimbabwe dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu ovutika maganizo atakhala pa benchi pafupi ndi chipatala, ntchito yotchedwa Friendship Bench, ndipo kafukufuku wa mu 2016 anaonetsa kuti okambirana ndi agogowo ankapeza bwino kuposa olandira chithandizo cha masiku onse. Kuyankhula kumachiza ndithu. Koma sankhani womuuza. Ine ndinakhuthulira zakukhosi munthu wakwathu amene tinkapemphera limodzi, sabata isanathe nkhani yanga inali pa gulu la WhatsApp. Kungoyankhula chinenero chimodzi si ubale. Muoneni kaye mmene amakambira za anthu ena, chifukwa zanu adzazikamba chimodzimodzi. Mmodzi wosunga pakamwa ndi wokwanira.

Samalaninso ndi ogulitsa "mankhwala achilengedwe ochotsa nkhawa" pa Facebook. Iwonso akusaka munthu yemweyu wosagona. Chilengedwe sikutanthauza kuti chinthu n'chosaopsa: chitsamba chotchedwa St John's wort, chimene chimagulitsidwa poyera kumaiko ambiri, chimafooketsa mapilitsi olera komanso ena mwa ma ARV. Ngati mukumwa mankhwala alionse, funsani kaye dokotala kapena wa ku famase.

Ndipo ngati patha masabata awiri mukungolira, chakudya sichikulowa, ntchito ikukanika, kupuma ndi kuyenda kokha sikukwanira, kaonaneni ndi dokotala. Maganizo odzipha akangobwera, musadikire masabata awiriwo. Uzani munthu tsiku lomwelo, musagone nokha m'chipinda, ndipo pitani kuchipatala chapafupi ngakhale mapepala anu asali bwino.